Tinawatsazika ndi Chigongono

Chaka chomwe fakitale ya nsalu inayamba kuchotsa anthu ntchito, ba kapiteni a timu yathu ya basiketibo ku Nangongwe analengeza kuti akusiya mpira, akupita kukalima chimanga ku Shimabala. Mawondo awo anali atayamba kale kulira ngati chitseko chakale.

Ife ochemerera tinalibe mphatso yowapatsa, choncho tinanyengerera anyamata a timu inayo kuti pa masewera omaliza asawatchinge, mdala agoletse mmene angafunire.

Atangogwira mpira, njira inatseguka ngati msewu wa ku Lusaka. Anagoletsa, anagoletsanso, ife tikukuwa mpaka mawu kusasa. Kenako anaima n'kupanira mpira m'khwapa.

"Imwe, ndafa kodi? Bwanji mukundipatukira ngati galimoto ya maliro?"

Tonse tinayang'ana pansi. Masewera atayambanso, mnyamata wina wa timu inayo, wogulitsa salaula, zovala zakale zija, pamsika, anawathamangira n'kuwagunda ndi chigongono m'nthiti. Mdala anagwa chagada pasimenti, khu!

Ndinatsinzina. Nditatsegula maso, anali akudzuka, akusisita nthiti, mano onse pamtunda.

"Eya," anatero. "Pa nonsenu, wandilemekeza ndi uyu yekha."