Wokayanika Zovala Sanabwerere

Aliyense wofuna kutaipitsa kalata, kaya yofunsira ntchito kaya yothetsa chibwenzi, ankapita kwa Mayi Taipi, m'kashopu ka pakati pa telala ndi wometa. Anthu ankawakhulupirira chifukwa sankawerenga zimene akutaipa. Zaka makumi awiri pa ntchitoyi zinawazoloweza kuti maso aone chilembo, zala zimenye, mutu uli kwina. Ankadzitama nazo, ndipo kunena zoona ankanyanya.

Tsiku lina mng'ono wawo anabwera ndi mapepala anayi othothola m'kope. Iyeyu ndiye ankasamalira amayi awo, omwe anafa ziwalo mbali imodzi: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, chaka chachisanu tsopano. Mayi Taipi ankapitako Lamlungu atanyamula sopo, n'kukhala ola limodzi pa mpando wabwino.

"Achemwali, munditaipireko kankhani aka. Loweruka akakawerenga ku laibulale."

"Iwe wayamba liti zolemba?" anaseka, zala zili kale pa makina. Posakhalitsa anamaliza, osadziwa n'komwe ngati ndi nkhani ya mbuzi kapena ya ndege.

Loweruka mng'onoyo anasowa womusiyira wodwala, choncho mapepala anakapereka ndi Mayi Taipi. M'chipinda cha kuseri kwa laibulale munali anthu asanu ndi awiri ongokonda kulemba, fani ikulira kudenga. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anawerenga mokweza. M'nkhanimo mzimayi watuluka kukayanika zovala. Wayanika chomaliza, wasiya pansi beseni lobiriwira long'aluka m'mbali, wangopitirira. Wakwera basi, watsikira m'tauni mmene mulibe womudziwa dzina, wagona pa benchi masanasana mpaka kudzuka yekha.

Mkangano unabuka. Mphunzitsi anati basi ija ndi imfa. Mtsikana wa magalasi anatsutsa, ati mzimayiyo akuthawa mwamuna wankhanza. Wogulitsa mankhwala anadandaula kuti nkhaniyo ilibe mathero. "Ulendo wonsewo, munthu kungokagona?"

"Si imfa, si mwamuna," anatero Mayi Taipi. "Munthuyu watopa. Akufuna tsiku limodzi lopanda womuitana."

"Mwadziwa bwanji, mayi?" anafunsa mphunzitsi.

"Beseni limenelo ndinamugulira ndine."

Manyazi anawagwira, pamodzi ndi mantha. Mawu onsewa anadutsa m'zala zawo iwo osamva kanthu. Nanga tsiku lina mng'ono wawoyu akadzasiyadi beseni pansi?

Sanabwerere kushopu. Anakapeza mng'ono wawo atakhala pa khonde, akufinya zofunda.

"Ati bwanji anthu aja?"

"Ati ilibe mathero." Mayi Taipi anavula nsapato, n'kupinda manja a bulauzi. "Undionetse mmene umawatembenuzira amayi. Lachitatu ndi Loweruka ndizitseka shopu. Masiku amenewo ndi ako."

"Ndizipita kuti ine?"

"Kumene ungafune. Bola uzibwerako."

Mng'onoyo anawayang'ana, thovu likudontha m'manja. "Ndiye kuti munaiwerenga."

"Ayi, achita kundiwerengera anthu achilendo. Undikhululukire, m'bale wanga."

Amayi awo anaitana kuchipinda. Mng'onoyo anadzuka msanga monga mwa masiku onse, koma Mayi Taipi anamugwira phewa, kumukhazika pansi, n'kulowa iwo.