Mazira a alamu anga a Tsuneo

Alamu anga a Tsuneo Kajiwara anakalambira padoko la ku Innoshima, akuwotcherera zitsulo za sitima zapamadzi. Ndi munthu wosayankhulayankhula, ndipo chilichonse chimene agwira amafuna chilimbe. Koma kukhitchini anali asanapondeko, chifukwa achemwali anga a Kazue anawasasatitsa mpaka tiyi ankachita kuwathirira.

Chaka chatha achemwali anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala mkono wamanja uli lende, kumeza kukuvuta. Chakudya chouma kapena choyoyoka chinkawatsamwa. Chimene chinkatsika bwino ndi phala la mpunga ndi mazira ofewa, aja otakasa ndi timitengo todyera, ooneka ngati akufuna kuyenderera. Namwino woyendera odwala m'makomo sanabise mawu: akapitiriza kuwonda, awatengera kunyumba yosungira okalamba ku Onomichi, azikadyera m'chubu.

"Amake Noboru sachoka pano," anatero alamu. "Ndiziphika ine."

Ndinayamba kupitako masana kukawaphunzitsa. Zinali zopsetsa mtima. Moto ankautsegula wonse ngati akusungunula chitsulo, mazira n'kutuluka ouma gwa.

"Alamu, amenewa ndi mazira, si nangula. Chepetsani moto."

"Sanapse awa."

"Akamaoneka ngati sanapse ndiye kuti apsa. Phulani."

"Ine ntchito yosatha sindinaperekepo kwa munthu."

"Ndiye mudya nokha ntchito yanuyo."

Ndinawaonetsa zonse: kamsuzi ka nsomba zouma, kashuga, batala pang'ono, timitengo tinayi m'dzanja limodzi, kukokera pakati kuchokera m'mbali mwa chiwaya. Mazira olephereka tinkadya tokha mpaka anatikola. Koma munthuyo ndi wakhama, ndiyenera kuvomereza. Patapita masabata, ankaphika mazira onyezimira, ofewa kuposa anga.

Komabe achemwali ankangowonderawondera. Njala imawagwira m'mawa mokha, ndipo m'mawa ine kunalibe. Alamu ankangoti, "Alawa, atsokomola, akankha mbale." Namwino anawayeza pasikelo, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti akadzabweranso adzabwera ndi chigamulo. Ndinakwiya, ndipo ndinachita mantha. Tsiku lotsatira ndinakwera basi yam'mawa osawauza.

Ndinaima pakhomo la khitchini n'kumangoyang'ana. Moto unali wochepa bwino, timitengo tikuyenda bwino. Anazimitsa pa nthawi yake yeniyeni. Kenako anasiya chiwaya pambaula pomwepo, napakula mpunga woyamba m'kambale ka mkuwa, ulendo kuchipinda kumene kuli kaguwa ka makolo awo. Anagwada, anayatsa lubani, analiza kabelu, manja pamodzi. Anakhalitsa. Chiwaya chawocho n'chachitsulo chochindikala, chochedwa kutentha komanso chochedwa kuzizira, ndipo mazira anapitiriza kupsa ine ndikuona.

"Alamu, masiku onsewa mumatere?"

"Nanga n'kutani? Makolo ndiwo amayamba kudya. Amake Noboru ankatero chikwatiranireni."

"Iwo ankayamba apakula mazirawo m'mbale. Akufa sathamangira kulikonse, angadikire. Wamoyo ndi uyu akutha ngati sopo apayu."

Sanandiyang'ane. Anayankhula maso ali pansi.

"Ndimachedwa chifukwa ndimawapempha kuti asamutenge msanga. Ndikanyamuka mwachangu ndimaona ngati sanamve."

Chisoni chinandigwira, mkwiyo osachoka. Ndinangotulutsa mazira ena m'filiji n'kuwapatsa.

Anaphikanso. Ulendo uno ndinayala kansalu konyowa kuti atsitsirepo chiwaya, ndipo anapakula nthawi yomweyo. Tinalowa kuchipinda kwa achemwali mazira akadali kugwedezeka m'mbale. Achemwali anawayang'ana, anameza mate, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Belu sindinalimve," anatero, lilime likulemera. "Mwaphikanso. Makolo mwawauza?"

"Achemwali, belu analiza kale. Idyani zisanazizire."

"Sindinalimve."

Anthu awiriwa anapezana ndithu. Ndikanatha kuwagwedeza onse awiri. Alamu anali atayamba kale kuika mbale pansi kuti anyamuke.

"Khalani pomwepo," ndinatero. "Gwirani supuni."

Ndinapita ndekha kukaguwa kuja. Apongozi a achemwali, amene chithunzi chawo chili pamenepo, sindinkagwirizana nawo ali moyo, ndipo maondo anga sakonda kugwada. Ndinagwadabe. Ndinamenya kabelu mwamphamvu kuti kamveke nyumba yonse, mwinanso kwa aneba. Pemphero ndinalibe. Ndinangoti, "Mwamva zimene mwana wanu amakupemphani. Musandivutitse."

Ndinadikira kumva chifuwa kuseri kwa chitseko. Sichinabwere. Ndinamva supuni ikugunda mbale, kenako mawu a alamu, otsika kwambiri.

"Pang'onopang'ono, amake Noboru. Alipo ena."