Galimoto ya a Nuske Siyenda Chogwada

Hafu faifi m'mawa, dzuwa lisanatuluke koma kutentha kutayamba kale, a Desley Nuske anali atagwada pafumbi kumbuyo kwa pikapu, pampu ili m'manja. Pambali pa nambala ya galimotoyo panali timavalavu tiwiri tonga ta matayala a njinga, kena ka thumba la mpweya la kumanja, kena ka la kumanzere. La kumanzerelo linkaphwa pang'onopang'ono, choncho ntchito yoyamba ya tsiku, asanatereke n'komwe madzi a tiyi, inali kulipopa.

Anapopa mpaka singano ya geji inafika pa 70. Kenaka anagwira bampala n'kudzuka, maondo akulira.

Anali ndi zaka 63. Mayi awo ankaphikira anthu ometa nkhosa, ndipo iwo anakwatiwa ndi a Merv ali mtsikana, n'kubwera pa famu ino ya ku Mallee. Zaka zonsezo, mafomu a boma akabwera, pa dzina la a Merv ankalembapo kuti mlimi, pa dzina lawo mayi wapakhomo. Koma mayi wapakhomoyo ndi amene ankayamwitsa ndi botolo ana a nkhosa amasiye, kutsika kukatsegula geti iliyonse, ndi kuima padzuwa kukodola galimoto ikamabwerera m'mbuyo kuti ikakole ngolo. Ubweya ukapambana pachionetsero, anthu ankagwira chanza a Merv. A Desley ankangoyamikiridwa chifukwa cha masikono.

Matumba a mpweyawo anawaika ndi a Merv zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, atagula kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto. Ankalota kuti akadzapuma azidzathawira chisanu kumpoto ngati okalamba anzawo. Atakola kalavaniyo koyamba, kumbuyo kwa pikapu kunatsika, mphuno n'kuloza kumwamba. Ndiye anagula matumba awiri a labala wokhuthala, nawamangirira pakati pa ekiselo ya matayala a kumbuyo ndi chesisi, zitsulo zazitali zija zosenza thupi lonse la galimoto. Atawapopa, galimoto inadzuka n'kuwongoka. Anaizungulira katatu, manja ali m'chiuno.

"Mwaona, amake Kerryn? Galimoto ya a Nuske siyenda chogwada."

Sabata yomweyo ku msika wa nkhosa, neba wawo a Lyall Petschel anasuzumira kunsi kwa galimotoyo, nalankhula anthu akumva.

"Achimwene, matumba awa ndi onama. Amadzutsa galimoto, koma katundu samuchotsa. Kulemera konse mwakuunjika pamalo amodzi. Tsiku lina idzathyoka msana."

"Inu thirakitala yanu imalira pokankha, za galimoto mungandiphunzitse chiyani?" anayankha a Merv.

Anthu anaseka, koma awiriwo sanaseke. Amuna amene anakhala benchi imodzi kusukulu anayamba kungokwezerana chala chimodzi pachiwongolero akakumana pamsewu. Patapita nthawi nacho chalacho chinasiya kukwera.

Kalavani inayenda ulendo umodzi wokha, sabata imodzi kumtsinje wa Murray. Chaka chotsatira a Merv anagwa ndi sitiroko ali m'khola, dzanja ndi mwendo wa kumanja n'kufa. Kalavaniyo inakaima kuseri kwa shedi, nkhuku zikuikira kunsi kwake. Kupopa ndi kuphwetsa kunasanduka kwa a Desley, monga zinasandukira ntchito zina zonse. M'galimoto munali kachikatoni kamene a Merv analembapo akadali bwino: yopanda katundu 5, ngolo ya nkhosa 25, kalavani 40. Nambala yoposa 40 panalibe.

Kenaka kunagwa chilala, mpaka chinalowa chaka chachitatu. Madamu onse anauma, ndipo nkhosa zazikazi mazana anayi za kubusa lakutali zinayamba kudalira madzi a m'thanki ya pangolo. A Desley ankapititsa madziwo katatu pa tsiku. Pakati pa maulendowo panali kusambitsa a Merv, kuwameta ndevu, kuwadulira nyama tizidutswa, kuwagwirizira popita kuchimbudzi. Mwana wawo Kerryn ankaimba foni Lamulungu kuchokera ku Adelaide.

"Amayi, mukukwanitsa koma?"

"Tikukwanitsa, mwanangu. Ana ali bwanji?"

Pofuna kuti maulendo akhale awiri, a Desley anakweza thanki ina pamwamba pa pikapu. Inakhala kumapeto kwenikweni, chifukwa kutsogolo kunali bokosi la zipangizo limene sakanalisuntha okha. Galimoto inatsika. Ikudutsa pakhonde, a Merv anatukula dzanja lamoyo lija.

"Yagwada! Onjezani!"

A Desley anaonjeza mpweya. Anafika pa 50, mawa lake pa 60, kenaka pa 70. Galimoto inawongoka bwinobwino, moti woiona sakanadziwa kuti yasenza kanthu. Mawu a a Lyall ankawakumbukira ndithu. Koma ankakumbukiranso kuti ulendo umodzi wochotsedwawo ndiwo unkawapatsa mpata wodya chamasana atakhala pansi.

M'mawa umenewu, atamaliza kupopa ndi kudzaza mathanki, anawakhazika a Merv pakhonde, tiyi ndi buledi wowotcha zili kumanzere, wailesi ikunena kuti kutentha kufika madigiri 43.

"Tiyi wake ngati madzi otsukira mbale," anatero a Merv, mawu akutuluka mbali imodzi ya kamwa.

"Mawa mudzaphike nokha, bambo."

"Ndidzaphika. Mwapopa?"

"Ndapopa."

A Desley anadutsa ndi galimoto pakhonde pang'onopang'ono kuti a Merv aione. A Merv anagwedeza mutu, nakweza kapu. Ntchito yawo yotsala pafamupo inali imeneyi, kuyeza galimoto ndi diso kawiri pa tsiku, ndipo a Desley sankafuna kuwalanda.

Njira ya kubusa lakutali imatsika m'kakhwawa kouma. Anali atadutsapo kambirimbiri. Anachepetsa liwiro monga mwa masiku onse. Matayala a kumbuyo atafika pansi, madzi a m'mathanki onse awiri anakhuthukira mbali imodzi, ngolo inakankha, ndipo kunsi kunangomveka kuti gwede. Silinali phokoso lalikulu. Galimoto inakwera mtunda pang'ono, chitsulo china chikukwecha, iwo n'kuizimitsa.

Atatsika anapeza kuti pakati pa mutu wa galimoto ndi bodi patseguka mpata wolowa mkono, waukulu kumwamba, wopanikizika kunsi. Mchira unali utagwera pansi, cholumikizira ngolo chitakhudza dothi. Anasuzumira. Chesisi inali itapindika mbali zonse ziwiri, pamalo pomwe panamangidwa matumba. Matumbawo anali bwinobwino, olimba gwa.

Patsogolo, kuseri kwa mabulugamu, fumbi linali litayamba kukwera. Nkhosa zinali zitamva injini ndipo zinkathamangira ku chomwera chimene dzulo madzulo chinali ndi madzi ofika m'kakolo. Foni inalibe netiweki. Asanaganize n'komwe, anapezeka atagwadanso kumbuyo kwa galimoto, akudina timavalavu tija ndi chikhadabo, mpweya ukutuluka kuti fyuu, chifukwa galimoto ikaima nthawi yaitali amaiphwetsa. Kenaka anatenga chipewa, nalowa pansi pa waya, nauyamba wapansi kulowera kwa a Petschel.

Anayenda pafupifupi ola. Pakhomo pamenepa anali atapondapo komaliza pamaliro a akazi awo a Lyall, pamene anaphika masiku awiri n'kutsuka makapu onse, a Merv atatsala m'galimoto.

A Lyall anali m'shedi akuwotcherera geti. Anakweza chophimba kumaso, nawayang'ana kuyambira kunsapato.

"Alamu! Mwabwera wapansi? Mkulu uja ali bwino?"

"Ali bwino. Ali pakhonde akunyoza tiyi."

"Ndiye ali moyo. Khalani apa, imwani madzi."

Anamwa chiimire. Atabweza kapu anati, "Yathyoka msana. Pakakhwawa paja."

A Lyall anavula magolovesi, nawaika pabenchi mosamala ngati angasweke.

"Munapopa mpaka pati?"

"70."

"Mayo ine. Ndi mathanki awiri aja? Ndinkakuonani muli kudutsa, ndimvekere koma chitsulo chimenechi n'cholimba. Sichinkaoneka n'komwe kuti chikuvutika."

"Sichinkaoneka," anatero a Desley. "Nenani zimene mwakhala mukusunga zaka zonsezi, alamu, timalize. Nkhosa sizinamwe."

"Palibe chonena. Lole ili ndi thanki kale. Ndikadzaza pachitsime panu, ndidzera geti ya kuseri kwa shedi, mkuluyo asandione. Madzulo tikakoka pikapu tikaibise kuseri kwa kalavani. Mukawauze kuti ili kugalaja."

A Desley anayang'ana manja awo, mmene fumbi linalowera m'ming'alu ya zala. Anaona mmene zikanakhalira: bodza m'mawa, bodza madzulo, kulisamalira tsiku ndi tsiku kuti lisaphwe, pamwamba pa kusambitsa ndi kudula nyama. Anapukusa mutu.

"Ayi. Madziwo pititsani, ndapota nanu, dzuwa lisanafike pamutu. Koma musadzere kuseri. Mudzere kutsogolo, pakhonde pomwe, ndipo muyende pang'onopang'ono akuoneni bwino."

"Andigenda ndi kapu, alamu."

"Ndi dzanja lamanzere, akuphonyani. Pobwerera muime, mukwere pakhondepo, muwauze ndinu. Akatukwana, khalani pomwepo mpaka atope. Ine mawu ake ndilibe. Mungandichitire zimenezo?"