Madzi a pa sadaka ya apongozi

Sefa ya madzi inalowa m'nyumba mwathu chifukwa cha mwana wathu wamkazi. Anali ndi chaka ndi miyezi inayi pamene anatsekula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, ndipo tinagona naye masiku asanu kuchipatala ku Boma. Inali nyengo ya mvula ndi kolera, anthu akugonekedwa m'matenti. Potuluka, namwino anandiloza chala ngati ndine ndinadwalitsa mwanayo. Anati akangomwanso madzi a kunyanja osasefa, ulendo wachiwiri sitidzabwerera naye.

Sefayo ndi ndowa ziwiri zosanjikiza. Umathira madzi m'ndowa ya pamwamba, amadutsa m'kachinthu kadothi kooneka ngati kandulo, n'kumadonthera m'ndowa ya pansi yomwe ili ndi kampopi. Vuto lake ndi loti sithamanga. Ukathira m'mawa, ya pansi imadzaza dzuwa litapendeka. Kwa ife atatu zinkakwana.

Ine kwathu ndi ku Katuli, koma ndinakwatira ku Nkope ndipo ndimakhala kwawo kwa akazi anga. Amene anakhalapo pa chikamwini akudziwa. Apongozi aakazi suwayang'ana kumaso, sukhala nawo pamphasa imodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka n'kunyonyomala. Ukakhala ndi mawu umatuma mkazi wako. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, anzanga a kabaza amandidziwa, koma pakhomo pamenepo ndinali nkhosa zaka zinayi zonse. Kwa eni kulibe mkuwe.

Apongozi aamuna anamwalira m'nyengo ya mvula yomweyo, ndi matenda a shuga. Patatha masiku makumi anayi tinachita sadaka, ndipo abale anabwera kuchokera kutali, ena mpaka ku Makanjira. Sefa yathu anainyamula n'kukaiika pakhonde la apongozi aakazi, kuti alendo aone kuti pakhomo pano timamwa madzi osefa. Ine sanandifunse. Anangondipatsa mpeni kuti ndikasende mbuzi kuseri kwa mpanda.

Kunatentha tsiku limenelo. Dzuwa lisanafike pamutu, ndowa ya pansi inali itauma. Mayi wina anatsegula kampopi, kanangodontha kawiri, iye n'kuseka kuti, "Sadaka ya munthu wamkulu chonchi, madzi akumwa mpaka kupempha?" Apongozi anamva. Kwa iwo, mlendo kusowa madzi pakhomo ndi manyazi oposa kusowa ndiwo.

Ndinawaona pa mpata wa mpanda. Anadikira kuti pakhonde pachoke anthu, anatsitsa ndowa ya pamwamba, anatenga chigubu cha madzi otungidwa m'mawa pagombe pomwe asodzi amatumbulira nsomba, n'kukhuthulira m'ndowa ya pansi. Kenako anabwezera ya pamwamba ija bwinobwino. Ndinawamva akunena chapansipansi m'Chiyao kuti, "Mesi ni mesi," kutanthauza kuti madzi ndi madzi basi.

Ndinaunguza akazi anga, koma anali atapita kutsidya la msewu kukabwereka mbale. Amalume awo, amene ndikanawanong'oneza, anali pakati pa duwa, pemphero la Chisilamu, pansi pa mtengo wa mango, atakhala moyandikana ndi ashehe. Mkamwini wa magazi m'manja sangalowe pamenepo. Ndinadziuza kuti awa ndi akuluakulu, anakulira madzi a kunyanja, sangafe lero. Ndinabwerera ku mbuzi yanga, koma maso ali pakhonde. Zikho zinayamba kuyenda.

Msuweni wa akazi anga, mayi wa ana atatu amene ankakonda kundiseleula, anabwera ndi chikho kumpanda kuja.

"Alamu, imwani madzi a sefa yanu. Mwatuwatu ngati mwagona ndi njala."

"Ndilibe ludzu," ndinatero.

"Ndiye mwatigulira ife eti?" Anamwa chikho chonse pamaso panga, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango, n'kumapita akuseka.

Sipanapite nthawi, mwana wanga anayamba kulira. Anali kumbuyo kwa agogo ake, apongozi omwewo. Anamutsitsa, anamukhazika pamwendo, anatsegula kampopi n'kudzaza chikho.

Sindikumbuka kuti mpanda uja ndinaudutsa bwanji. Ndinangopezeka ndawagwira dzanja, magazi a mbuzi atawapaka pamkono, chikho chili pansi.

"Amayi, madzi awa si osefa. Ndakuonani mukuthira a m'chigubu."

Amenewa anali mawu anga oyamba kuwalankhula maso ndi maso. Amayi a kumoto anasiya zipande. Pansi pa mango pemphero linadukira panjira. Ndinanyamula ndowa ya pansi ija n'kuikhuthula pabwalo, anthu onse akuona. Apongozi anadzifunda mpango kumaso, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Amalume anadzuka pang'onopang'ono. "Bambo, mwaiwala kuti muli pati?"

Mwana ndinali nditamukumbatira, akulirabe ndi ludzu.

M'mawa mwake amalume aja anandikhazika pansi. Anati ndachititsa manyazi mayi wamasiye pa tsiku la mwamuna wake. Ndinapepesa ndi nkhuku, mtima ukuwira, poti sindinkaona chomwe ndalakwa. Akazi anga sanandilankhule tsiku lonse, ngakhale mwana sanamulole kuchoka pamaso pawo.

Tsiku lachitatu tinamva kuti anthu angapo amene anali pa sadaka atengeredwa kumatenti, ndipo mmodzi mwa iwo anali msuweni uja. Ena anachira. Iye anamwalira tsiku lotsatira. Anamuika a zaumoyo atavala magolovesi, ndipo amayi anzake sanaloledwe kumusambitsa monga timachitira Asilamu. Ngati anali madzi aja kapena ena, palibe angalumbire. Ine ndili ndi yankho langa.

Kuyambira pamenepo nkhani inatembenuka. Omwe ankanditcha wamwano anayamba kundiyamika kuti ndinapulumutsa mwana. Amalume anandibwezera nkhuku. Ndinkangoweramitsa mutu, iwo n'kumayesa ndi ulemu.

Patapita milungu iwiri, mwamuna wa malemuyo anandipeza pa siteji ya kabaza ndikupopa njinga. Ndi msodzi wofatsa, sakweza mawu. Anandipatsa salamu, n'kufunsa za mwana.

"Achimwene, pali chimodzi chikundisowetsa tulo. Inu munawaona nthawi yanji apongozi anu akuthira madzi aja?"

Ndinayang'ana tayala. "Nthawi yomwe ija ndinawagwira dzanja," ndinatero.

Anagwedeza mutu. "Ndiye kuti mayi a ana anga anali atamwa kale. Palibe chomwe mukanachita." Anandigwira paphewa, n'kundipempha kuti ndimusonyeze komwe tinapeza sefa, chifukwa ana atatu aja tsopano akuwalera yekha.

Ndinamukweza pa njinga, ndinapalasa mpaka kumsika komwe tinagula yathu. Njira yonse ankandithokoza.