Nyali Zosokedwa Mumdima

Tsiku limene anamudulira magetsi, telala wina wamkazi anali atatha miyezi ingapo ali pakhomo. Fakitale ya makatani imene ankasokako inali itatsekedwa. M'nyumba munatsala makina osokera, thumba la zidutswa za nsalu, ndi mwana wake wamkazi yemwe ankakonzekera mayeso.

Akulu ake a telalayo atabwera, anayang'ana zotsalira za makandulo pawindo, n'kuuza mwanayo kuti alongedze mabuku.

"Sindikukulanda mwana, mng'ono wanga," anatero. "Koma utsi umenewu umuthera maso. Akhale kwathu. Magetsi akadzayaka, udzamutenge."

Telala sanatsutse. Ananyamula yekha chikwama mpaka pokwerera basi. Pobwerera anadzera dala njira yaitali, chifukwa kunyumba kunalibe womufulumirira.

Njirayo inamufikitsa pa sitolo yogulitsa zokongoletsera m'nyumba. Munali makushoni, magalasi a mafelemu ozungulira, ndi miphika ya maluwa ya makosi aatali. Pawindo panali nyali zapatebulo, iliyonse itavala chipewa chansalu chophimba babu. Iye anaima n'kuyamba kulondola misoko ndi maso, monga amachitira atelala onse. "Izitu n'zosoka basi," anatero mumtima.

Wowotcherera zitsulo wina anamupindira mawaya. Telala ankakhala pakhonde masana, kukoka nsalu pamawayawo, kumata ndi guluu, kusoka m'mphepete. Zipewazo zinatuluka zosalala, zoti munthu n'kuzisirira. Anasankha chabwino koposa n'kupita nacho kusitolo kuja.

Mwini sitolo anali mayi wosachuluka mawu. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kugwedeza mutu movomereza. Kenaka anachiveka panyali n'kudina swichi.

Zonse zinaonekera poyera. Guluu anaoneka ngati modutsa nkhono. Mfundo za ulusi zinada bii ngati ntchentche, ndipo chigamba chimene anabisa mkati chinatulukira chonse.

"Kodi munayamba mwachiona nyali itayaka, mayi?"

"Kwathu kulibe magetsi."

Mwini sitoloyo sanaseke. Anazimitsa nyali n'kumubwezera chipewa chija ndi manja awiri.

"Luso muli nalo. Koma munthu akagula nyali, akafika nayo kwawo amayamba wayatsa. Chimene mwabisa mkati n'chimene alendo ake adzaone."

Chipewacho chinakhala masiku angapo pansi pa bedi. Telala anaganizapo zogulitsa makina, ndipo wogula anabweradi kudzawaona. Koma makina akapita, mwana akanabwerera bwanji? Anamubweza munthuyo, natenga babu ndi chingwe, n'kuwoloka msewu kupita kwa wometa tsitsi, yemwe anali ndi magetsi.

"Achimwene, ndibwerekeni soketi."

Wometayo anayang'ana katunduyo n'kugwira m'chiuno.

"Achemwali, ine ndimameta mitu kuti izioneka, inu mwabwera ndi zipewa. Mukufuna kundigwetsera bizinesi?"

Anagwirizana kuti telala amusokere nsalu yofunditsa makasitomala, imene inali itang'ambika kale, ndipo iye amupatse soketi ya kuseri kwa chitseko, komwe kunali kamdima ngakhale masana.

Kuyambira pamenepo, chipewa chilichonse chinkayamba chayatsidwa kwa wometa. Odikira kumetedwa ndiwo anasanduka oweruza, ndipo analibe chisoni.

"Icho chili ndi zipere, mayi!"

"Ichi ndiye chatuluka mapu a dziko lonse. Kwathu ndi apa!"

Telala ankaseka nawo. Akabwerera ankasomola ulusi n'kuyambiranso. Anaphunzira kuchepetsa guluu, kubisa mfundo kuseri kwa waya, ndi kudula msoko kuti ulingane kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tsiku lina kaulusi kanagwera mkati mwa chipewa n'kumatirira. Atayatsa, mthunzi wake unaoneka utapindika pansalu. Telala anatambasula dzanja kuti akachotse, koma bambo wina wachikulire, mutu atametedwa mbali imodzi, anatembenuka pampando.

"Kameneko kasiyeni! Kakuoneka ngati udzu ukugwedezeka ndi mphepo."

"Madala, khalani phee," anatero wometa, "mupita kwanu ndi khutu limodzi."

Onse anaseka, koma telala ankayang'anitsitsabe kaulusiko. Ngati kuwala kumaulula zonse zili mkati, bwanji osaikamo dala zoyenera kuonedwa? Anayamba kusokerera masamba, nthambi ndi timbalame kunsalu yamkati, kunja n'kusiya koyera, kopanda kalikonse.

Telala atabwerera kusitolo ndi zipewa zatsopanozo, mwini sitoloyo anakwinya nkhope.

"Zayera mbee ngati zakuchipatala izi."

"Yatsani, mayi."

Swichi itadinidwa, masamba anatulukira pansalu ngati mtengo waphukira m'chipindamo. Mzimayi wina yemwe ankasankha makushoni anawasiya pomwepo n'kusendera pafupi.

"Imeneyo ili ndi mwini wake kale?"

Sikuti zonse zinayenda myaa kuyambira tsikulo. Chipewa china chinabwezedwa chitawauka chifukwa nsalu inayandikira babu, ndipo telala anabwerera kwa wowotcherera kuti akulitse mawaya. Koma oitanitsa anayamba kubwera, mmodzimmodzi. Lero amasoka ndi anzake awiri amene ankagwira nawo kufakitale kuja, ndipo nyali zake zili m'zipinda zochezera za anthu amene sanamuonepo. Wometa tsitsi ali nayo yake pashelefu, ndipo amauza aliyense kuti kampani ya telalayo inabadwira kuseri kwa chitseko chake.

Magetsi atalumikizidwanso, telala sanaimbe foni. Anakwera basi kupita kwa akulu ake, n'kuima pakhomo.

"Achemwali, ayaka."

"Ndiye wabwera kudzandilanda wonditsukira mbale?" anatero akulu akewo, uku akulowa kale m'nyumba kukatenga chikwama.

Madzulo ake mwana uja anayala mabuku patebulo. Nyali imene anaipeza pamenepo inali itavala chipewa choyamba chija, cha guluu ndi chigamba.

"Amayi, zokongola zonse zija mumagulitsa, ife mwatisiyira yamabala iyi?"

"Ameneyo ndi mphunzitsi wanga. Yatsa uwerenge, mayeso ali pafupi."

Mwanayo anayatsa. Telala anakhala pamakina ake, osasoka kanthu, akungomvera masamba a buku akutembenuzidwa.

Inu amene ntchito yanu yabwezedwa, musafulumire kugulitsa makina. Funsani chimene chaoneka, pirirani kuseka kwa anthu, ndipo ngati kwanu kuli mdima, wolokani msewu mukabwereke soketi. Musataye mtima.