Dzina la Esnat pakhoma la polisi

Achemwali anga a Esnat akhala namwino ku Edmonton, ku Canada, zaka makumi awiri, ndipo sindinawaonepo akudula munthu pakamwa. Mayi athu anatiphunzitsa kuti wamkulu akamalankhula umadikira mpaka akupatse mpata. Ine phunzirolo ndinalisiya pa bwalo la ndege. Iwo anabwera nalo lonse, ndipo chaka chatha linandipsetsa mtima.

Anawasankha kulowa m'bodi ya bungwe lomwe limayendera zitolokosi za apolisi n'kupereka chiphaso kumene omangidwa akusungidwa bwino. M'bodimo muli maloya, apolisi opuma ntchito, ndi iwowo oimira anthu wamba. Pojambula chithunzi anawaika kutsogolo, duku ndi zonse.

Nkhani yoyamba inali ya polisi ina kumene anatsekera bambo Bonaventure, a kutchalitchi kwathu, atakangana ndi munthu pa siteji ya basi. Bambowa amadwala shuga. Theka la ola likatha wapolisi ankasuzumira pakawindo n'kufunsa ngati ali bwino. Mmalawi ngakhale umupeze akutha, ukamufunsa adzati ali bwino. Anayankha choncho kasanu, wapolisi akuchonga pafomu, mpaka anakomoka. Lero dzanja lawo lamanja siligwira ngakhale supuni.

Bodi inawerenga fomuyo n'kuiyamikira. Achemwali mawu anali atawadzadza m'kamwa, koma anadikira wapampando. Wapampando anayang'ana wotchi n'kutseka msonkhano. M'maminitsi analemba kuti palibe anatsutsa, ndipo chiphaso chinakapachikidwa pakhoma la polisi ija, dzina la achemwali lili m'munsi.

"Ndiye munapitiranji?" ndinawafunsa m'khitchini. "Kukadya mabisiketi?"

"Tcheya sanandipatse chansi, Phoebe."

"Kuno sapatsa, asisi, mumachita kulanda. Chetechete sautsa nyama."

Ndinawakwiyira sabata yathunthu, koma kwenikweni ndinakwiyira anthu ophunzira aja, omwe amayesa moyo wa munthu powerenga zochonga.

Chaka chino chiphaso chija chinabweranso kuti achiwonjezere nthawi. Achemwali anakweza dzanja, wapampando maso ali pa mapepala. Anaimirira. Mkuluyo anadabwa, n'kuwafunsa m'Chingerezi ngati ali bwino. Akuti yankho lakwathu lija linali litafika kale pamilomo.

"Ayi, sindili bwino," anatero. "Ndipo zimenezo muzilembe."

Analankhula osapuma, wapampando akutsokomola. Anawauza kuti wodwala shuga sumufunsa pakawindo, umamuyeza magazi. Bodi inaimitsa chiphasocho mpaka polisi ija itayamba kuitana namwino.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi achemwali anakawauza bambo Bonaventure zimene bodi inagamula. Bambowo anamvetsera, n'kuwapatsa moni ndi dzanja lamanzere, lamanja lili lende. Achemwali anafunsa kuti m'thupi mukumva bwanji masiku ano.

"Ndili bwino, mwanangu," anatero.