Galimoto ya malume inali yofiira

Malume anagwira ntchito pa galaja ya esiteti ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera. Kumeneko ndi kumene anapezera galimoto ija. Inali ya bwana wina wa fakitale amene anabwera nayo kuchokera kunja, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira malume, chifukwa ndi iwo ankaikonza zaka zonsezo.

Inali galimoto ya ku Amereka, yaitali, yotsika kwambiri, ya zitseko ziwiri, chiwongolero chili kumanzere. Denga lake linali la chinsalu cholimba chopinda kumbuyo. Injini ikalira, anthu othyola tiyi kutsidya kwa khwawa ankaweramuka. Ine ndinakula ndikuiona itanyamula akwati. Ukwati wa pa esiteti ukapanda galimoto ya malume, anthu ankati pali chimene chasowa.

Pamene ndikukambapa n'kuti itafwifwa. Kufiira kwake kunali kutasanduka ngati njerwa yosapsa bwino. Chinsalu cha denga chinang'ambika malo angapo, ndipo chikopa cha mpando wakutsogolo chinali ming'alu yokhayokha. Koma inkayenda.

Malume atapuma pa ntchito anayenera kutuluka m'nyumba ya kampani. Ankapita kwa Khwethemule, kumudzi kwa akazi awo, amene ife timangowatchula kuti azakhali. Kanjira kopita kumeneko n'ka miyala ndi zigwembe. Galimoto yotsika chotero sikanafika. Anyamata ogula zitsulo zakutha anayamba kuzungulira pakhomo. Mmodzi anagogoda boneti ndi chala nati pangatuluke mbaula zambiri. Tsiku limenelo malume sanadye. Chimene ankafuna n'chakuti mvula isanayambe, galimotoyo ipeze munthu woti aisunge yamoyo.

Ine ndinaijambula pa foni n'kutumiza kwa mnzanga wa ku Limbe. Iye anaonetsa bambo wina wa ku Blantyre amene amasonkhanitsa galimoto zakale. Bamboyo anandiimbira yekha. Anafunsa ngati penti ali pa chithunziyo ndi yemwe anabwera nayo, ndinati eya. Anati abwera mwezi ukatha. Ndinawauza malume kuti kukubwera mlendo, basi, ndipo ndinabwerera kuntchito kwanga ku boma.

Kwathu mlendo akamabwera timasesa pabwalo, kuzira khonde, ana n'kusamba. Chinthu chong'ambika sitimuonetsa mlendo. Malume anachita zomwezo ndi galimoto. Anapempha penti wobiriwira wotsala popaka mathirakitala, napaka thupi lonse ndi burashi, pang'onopang'ono, kuopa kudetsa magalasi. Mpando wakutsogolo anauchotsa naikamo mipando iwiri ya minibasi yakufa, imene telala wina anaikuta bwinobwino. Chinsalu cha denga azakhali anafunditsa khola la nkhuku, ndipo m'malo mwake anasoketsa china chatsopano.

Nditafika tsiku la mlendolo ndinaipeza ikuwala. Kunena zoona ndinaiyamikira. Malume anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, m'zikhadabo muli pentibe.

Bambo uja anafika chakummawa, nkhungu ya chiperoni isanachoke m'minda. Anali munthu wamkulu thupi, wolankhula motsitsa. Atatsika anapereka moni kwa onse, kenako anatembenuka n'kuona galimoto. Anaima. Anatulutsa foni, nayang'ana chithunzi, nayang'ananso galimoto.

“Madala, yofiira ija ili kuti?”

“Ndi imeneyi, bwana,” anatero malume. “Taisambitsa. Sitikanakulandirani ili ndi litsiro lija.”

Mlendoyo sanaseke ndipo sanakalipe. Anayenda mozungulira galimotoyo akusisita penti ndi chikhatho, pamene panali mizere ya burashi. Azakhali anamuitana kuti ayambe wamwa tiyi, nam'khazika pakhonde.

Ali ndi kapu m'manja anatifotokozera mmene anthu a galimoto zakale amaganizira. Anati iwo safuna galimoto yooneka yatsopano. Amafuna yomwe ili monga inatulukira ku fakitale: mtundu wake, mipando yake, ngakhale timisomali take. Penti woyambirira, angafwifwe bwanji, amamuwerengera kuposa watsopano, chifukwa akachoka sabwereranso. Chilichonse chosinthidwa chimatsitsa mtengo, ndipo zikachuluka zosintha anzake amangoti ndi galimoto wamba. Anati sakudziwa ngati angaitengebe.

Malume anamvetsera atazolika. Anayamba kukolopola penti wa m'chikhadabo. Kenako anafunsa ngati injini nayonso ili ndi mlandu. Anafotokoza kuti anzawo a pa galaja ankawauza kawirikawiri kuti aikemo injini ya dizilo chifukwa iyi imamwa petulo ngati ng'ombe pa dambo, koma iwo ankakana, poti ankakonda kulira kwake.

Mlendo anapempha kuti atsegule boneti. Anapukuta pambali pa injini ndi kansanza mpaka nambala inaoneka, naiyerekeza ndi ina imene inali pa kachitsulo ka pachitseko. Zinafanana. Anapempha kuti ailize. Italira, nkhuku zinabalalika, ndipo ndinaona nkhope yake ikumasuka. Atatsegula buti anapeza kuti m'kati malume sanapakemo. Kufiira kwenikweni kunali momwemo, kowala ngati tomato wakupsa, poti dzuwa silinkafikamo.

Anafunsa za mpando wakale, ngati tinautaya. Azakhali anaseka mpaka kugwira chitseko.

“Bambo, si umene mwakhalira pomwa tiyi uja?”

Anali atauyala chitenje kuti ming'alu isaoneke. Mlendo anabwerera pakhonde, navundukula chitenjecho pang'onopang'ono ngati akuona mwana wakhanda. Atamva kuti chinsalu cha denga chili pa khola, anapita yekha kukachiona, nsapato zake zikuponda zitosi. Azakhali anandinong'oneza kuti sanaonepo munthu wolemera wokonda zinyalala chotero, ndipo anati ndimufunse ngati akufunanso mphika wawo wobooka.

Mlendo anavomera kutenga galimotoyo, pamodzi ndi mpando ndi chinsalu. Sanabise kuti mtengo watsika chifukwa cha penti, ndiponso kuti ntchito yake yoyamba ikhala kumupala yense. Ndinawayang'ana malume. Ndinkadziwa masiku amene anawerama ndi burashi, msana ukuwawawa.

“Palani,” anatero. “Bola musakaiduledule.”

Anapempha chinthu chimodzi: kuti aiyendetse okha mpaka pamsewu wa phula, pamene lole yodzainyamula inayenera kudzaima. Tsikulo anapinda denga, azakhali anakhala pambali pawo atavala duku latsopano, ine kumbuyo ndi mpando wakale uja utatuluka mbali zonse. Tinadutsa pakati pa minda. Amayi othyola tiyi, ena mwa iwo anakwera galimoto yomweyo tsiku la ukwati wawo, anaimika madengu n'kumaimba nthungululu. Malume sanayang'ane kumbali. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

Panapita nthawi yoposa chaka. Malume anali atazolowera kumudzi, akulima nthochi ndi chinangwa. Tsiku lina bambo uja ananditumizira chithunzi. Galimoto inali yofiira, denga lakuda, itaima pa kapinga pakati pa zinzake. Analemba kuti mpando sanaukutenso, anangoufewetsa ndi mafuta, ming'alu anaisiya.

Loweruka ndinakwera njinga ya kabaza kupita nacho kwa Khwethemule. Ndinkaopa kuti chiwapweteka mtima. Ndinawapeza pakhonde atakhala pa umodzi wa mipando ya minibasi ija, imene mlendo anatibwezera. Ndinakhala pa winawo n'kuwapatsa foni.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anandiuza kuti ndikulitse pamene pali mpando, kenako pamene pali boneti.

“Ndi mmene inalili tsiku limene inalowa pa galaja,” anatero. “Ndinaopa n'kuikhudza komwe. M'manja mwanga munali girisi.”

Anaitana azakhali kuti adzaone. Iwo anati ndi yokongola, koma khola lawo la nkhuku likudonthabe. Malume anandibwezera foni nati ndikapita ku boma ndikatsukitse chithunzicho pa pepala, chachikulu, choti akhome pakhoma.